Kuchoka ku Limbe Kukafika ku Doko

Amene sanatumizepo katundu kunja amaopa nyanja. Amaganiza za namondwe, za sitima yomira, za makontena akugwera m'madzi usiku. Ife amene tinakalambira pa mapepala a katundu ku Limbe timaopa china, mtunda wa pakati pa shedi ndi doko. Kontena ikangokwezedwa m'sitima ku Beira kapena ku Nacala, mtima umakhala m'malo. Zimene zimadya phindu la tiyi, fodya ndi nandolo wa dziko lino zimachitikira pamtunda, ndipo zinayamba kalekale, kontena isanabadwe n'komwe.

Khomo lathu loyamba linali mtsinje. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba mu 1878 ndipo katundu wake ankayenda pa Shire ndi Zambezi. Mu 1889 Daniel Rankin anapeza kuti sitima zikhoza kulowa m'Zambezi kudzera ku Chinde, ndipo mu 1891 Apwitikizi anabwereketsa Angerezi kamalo kumeneko kosungirapo katundu. Tangoganizani ulendo wa thumba limodzi la khofi nthawi imeneyo. Ku Blantyre linkakwera pamutu pa wamtengatenga, kutsetsereka phiri mpaka kwa Katunga. Kumeneko linkalowa m'sitima ya pamtsinje, ku Chinde n'kutsika, kenako n'kukwera bwato lopita nalo ku sitima yaikulu imene inkaima patali chifukwa cha mchenga. Paliponse pamene thumba lasintha manja pankatsala kanthu: lina lanyowa, lina lang'ambika, lina langosowa. Madzi a Shire nawonso anali kuchepa chaka ndi chaka, moti sitima zinayamba kuthera pa Chiromo, kenako pa Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Chinde yemweyo nyanja inkamudya pang'onopang'ono, ndipo namondwe wa mu 1922 anadzamaliza ntchito, n'kumiza sitima zambiri za pamtsinje.

Njanji inabwera mwa zidutswa. Ya pakati pa Port Herald ndi Blantyre inatsegulidwa mu 1908, ndipo mu 1915 inafika pa Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Ya kuchokera ku Beira inafika tsidya linalo mu 1922, koma pakati panali mtsinje, choncho katundu ankatsitsidwa, kuwoloka pa bwato, n'kukwezedwanso. Mlatho wa Dona Ana, wa makilomita oposa atatu ndi theka, unatha mu 1935. Ngongole za njanjizo zinagwera Nyasaland, dziko losauka kale, ndipo mitengo yonyamulira katundu inali yowawa. Mu 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linatsegula njanji ya kuchoka pa Nkaya kukafika pa Nayuchi, yopita ku Nacala, doko lakuya limene silifuna kukumbidwa ngati la Beira. Apa tinali ndi makomo awiri, koma onse m'nyumba ya munthu mmodzi.

Pamene ife tinali kulimbana ndi milatho, ku America mwini mathilaki wina, Malcom McLean, anatopa ndi kuona magalimoto ake akutha tsiku lonse pa doko kudikira kuti anthu atsitse katundu mmodzimmodzi. Pa 26 Epulo 1956 sitima yake ya Ideal X inanyamuka ku Newark kupita ku Houston ndi mabokosi achitsulo 58. Nzeru yake inali yoti katundu apakidwe kamodzi, atsekedwe, asakhudzidwenso mpaka kwa wogula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 maiko anagwirizana za muyeso, ndipo n'chifukwa chake kontena ya mafiti 20 kapena 40 imakwana pa thilaki, pa bogi ya sitima ndi m'mimba mwa sitima ya panyanja kulikonse.

Dziko lopanda nyanja ngati lathu ndi limene likanapindula koposa, chifukwa matenda athu anali omwe aja a thumba losintha manja. Ndimakumbukira mabokosi a tiyi a pulayiwudi, okhala ndi zitsulo m'makona ndi pepala lonyezimira m'kati. Ambiri ankafika ku doko ataphwanyika kona, ndipo amene achoka m'ntchito ankathera m'makomo mwathu ngati tebulo kapena mosungira mbale. Kontena inathetsa zambiri mwa izi. Koma inafika kuno kum'mwera kwa Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo isanazolowere njira, nkhondo ya ku Mozambique inatseka makomo onse awiri. Pofika mu 1984 sitima za pamtunda za ku Beira ndi Nacala zinali zitasiya kuyenda, ndipo patapita nthawi zigawenga za Renamo zinaphulitsa mlatho wa Dona Ana.

Zaka zimenezo ndi zimene zinatiphunzitsa ntchito. Katundu amene ankayenda makilomita mazana angapo pa njanji anayamba kuyenda oposa 2,000 pa msewu kupita ku Durban. Njira yachidule inali ya Mwanza, Zóbuè, Tete mpaka Nyamapanda, ndipo mathilaki ankayenda pamdipiti, asilikali a ku Zimbabwe kutsogolo ndi kumbuyo. Madalaivala ankatsanzika kunyumba ngati opita kunkhondo, ndipo ena sanabwerere. Woopa Tete ankazungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu, mafuta n'kumatha, masiku n'kumapita. Boma linatsegula njira ya kumpoto yopita ku Dar es Salaam, ndi malo osungira katundu wa Malawi ku Mbeya ndi ku dokoko, pamene asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala. Mtengo wa zonsezi unagwera pa mlimi wa fodya ndi pa mayi wogula sopo, ngakhale iwo sanaonepo invoisi ya thilaki.

Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma katundu sanabwerere ku njanji monga tinkayembekezera. Eni mathilaki anali atazika mizu, ogula kunja anali atazolowera Durban, ndipo mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji ya Beira pa Chiromo. Ineyo ndimaona kuti apa m'pamene tinaluza kwambiri, chifukwa chimene nkhondo inatikakamiza tinadzachisandutsa chizolowezi.

Kupakira kontena kuli ndi mwambo wake. Isanalowe kanthu, munthu mmodzi amalowa m'kati, anzake n'kutseka zitseko. Ali mumdimamo amayang'ana kudenga ndi m'makona; pakaoneka kakuwala ngakhale kochepa ngati kabowo ka singano, kontenayo ibwerere, chifukwa polowa dzuwa mvula ilowanso. Akatero amanunkhiza pansi. Tiyi amakoka fungo, ndipo kontena imene inabwera ndi matayala kapena mankhwala ikhoza kuwononga tiyi wabwino wa ku Mulanje popanda dontho la madzi. Palinso thukuta la kontena. Katundu wopakidwa mu kutentha kwa Novembala akafika ku Antwerp kapena ku Hamburg m'nyengo yozizira, chinyontho chimaundana kudenga n'kumadontha pa makatoni, n'chifukwa chake timayala mapepala pamwamba ndi kupachika timatumba toyamwa chinyontho. Fodya amayamba wafukizidwa mankhwala ophera tizilombo. Pomaliza pamabwera siili, ndipo nambala yake imalembedwa pa pepala lililonse. Kalaliki akaphonya nambala imodzi yokha, thilaki igona pa Mwanza, dalaivala n'kumaimba foni: “Bwana, akuti mapepala sakugwirizana.”

Kugona kumeneko ndi ndalama. Kontena si yathu, ndi ya kampani ya sitima, monga Maersk kapena MSC, ndipo imabwerekedwa kwa masiku owerengeka. Masikuwo akatha imayamba kuwerenga madola tsiku lililonse, chimene a m'ntchito amati demurrage kapena detention. Wamalonda wa ku Durban amabweza kontena tsiku lomwelo. Wa ku Kanengo amayenera kuwoloka malire, kudutsa pa mlatho wa Tete, kuima pa mzere wa pa doko, ndipo sitima ikamusiya adikira ina. Kupeza kontena yopanda kanthu nakonso ndi nkhondo, makamaka nthawi imene fodya, tiyi ndi nandolo zikufuna kutuluka pamodzi.

Funso lalikulu pa mgwirizano uliwonse ndi lakuti katundu akawonongeka, wawonongekera m'manja mwa yani. Zilembo zitatu za Incoterms, malamulo amene International Chamber of Commerce inayamba kutulutsa mu 1936, ndi zimene zimayankha. Wogulitsa FOB Beira amasenza chilichonse mpaka katundu atakwera sitima, kutanthauza kuti chigawo choopsa chonse n'chake. Ndinaonapo wamalonda wina atagula inshulansi ya panyanja yokha, thilaki n'kugubuduka isanafike ndi pa Tete pomwe. Ngakhale panyanjapo pali lamulo lakale lotchedwa general average: sitima ikapulumutsidwa pa ngozi, eni katundu onse amasonkherana ndalama zimene zawonongeka, ngakhale amene katundu wake sanakandike. Eni sitima ya Ever Given, imene inatseka ngalande ya Suez mu Malichi 2021, anagwiritsa ntchito lamulo limeneli. Ndipo bill of lading, pepala limene kampani ya sitima imapereka, ndiye katundu weniweniyo. Woipereka kwa wogula ndalama zisanalowe ku banki wapereka mbuzi pamodzi ndi chingwe chake.

Pali zina zimene pepala silingatchinge. Mu 2017 India inaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwake, mitengo inagwa, ndipo alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba anatsala ndi matumba m'nyumba. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza Beira ndi kudula msewu wolowera mumzindamo.

Maloto a mtsinje nawo sanafe. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo, koma bwato limene linkayembekezeka akuluakulu a ku Mozambique analigwira m'njira, ponena kuti kafukufuku wa mtsinjewo anali asanachitike. Njanji yatsopano imene inamangidwadi ndi imene inamangidwa ndi kampani ya Vale, yochoka ku Moatize kudutsa m'dziko muno mpaka pa Nkaya, ndipo inamangidwira malasha. Inakonzetsa njira ya Nacala, zimenezo n'zoona, koma makontena ambiri a fodya ndi tiyi akadali pamsana pa thilaki, ndipo wogula wa ku Ulaya akafunsa mtengo, timamutumizirabe itatu: wa Beira, wa Nacala ndi wa Durban.