Barbosa, Goloboyi Amene Anasenza Denga Yekha

Khalani pansi, adzukulu anga, ndikuuzeni za Moacir Barbosa, mwana wa ku Campinas m'dziko la Brazil, wobadwa mu 1921, kale mipira ikadali yachikopa cholemera, imene ikanyowa ndi mvula inkakhala ngati dzungu. Iyeyu ankaima pagolo la Vasco da Gama mumzinda wa Rio de Janeiro, manja ali lakwalakwa opanda magolovesi, zala n'kumathyoka, n'kupola, iye n'kubwereranso pagolo pomwepo. Mu 1949 anathandiza Brazil kutenga chikho cha South America, ndipo anthu ankamunyadira ngati mwana wawo.

Koma tsoka silinunkha, ana anga. Pa 16 July 1950, anthu pafupifupi 200,000 anakhamukira kubwalo latsopano la Maracanã, ena pa basi, ena wapansi, mitima ili m'malo, poti anyamata awo anali atakwapula Sweden zigoli 7 kwa 1, Spain 6 kwa 1, ndipo tsiku limenelo kungofanana mphamvu ndi Uruguay kunali kokwanira kuti chikho cha dziko lonse chitsale pakhomo. Friaça wa Brazil anagoletsa, bwalo linagwedezeka. Schiaffino wa Uruguay anabweza. Kenaka, kutatsala mphindi 11, Ghiggia wa Uruguay anathamanga ndi mpira chakumanja. Barbosa, poyesa kuti aupereka pakati monga anachitira pa chigoli cha Schiaffino chija, anasendera pang'ono chabe, mpira n'kudutsa pakati pa iye ndi mtengo wa golo. Bwalo lonse linangoti zii, ngati pamaliro.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, komatu denga la dziko lonselo analisenzetsa munthu mmodzi, ndipo khungu lake lakuda linakulitsa mlanduwo. Ngakhale malaya oyera amene timu inavala tsiku lija anawasiya, n'kuyamba achikasu mukuwadziwawa. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa munthuyu sanathawe mpira: anathyoka mwendo mu 1953, anachira, n'kuimabe pagolo mpaka atapitirira zaka 40. Amasimba kuti atapatsidwa mitengo ya golo lija, anaisonkhera moto n'kuwotchera nyama anzake, mwina poti utsi uchotse minyama.

Minyamayo sinachoke. Mu 1993, nkhalamba itapita kukalonjera osewera a dziko lake ku Teresópolis, anaibweza pachipata. Iye ankadandaula kuti ku Brazil chigawenga chachikulu chimagwira ndende zaka 30 n'kutuluka, pamene chilango chake chinalibe malire. Anamwalira mu April 2000 ku Praia Grande, ali ndi zaka 79.