MADZI A MULUNGUZI NDI MOTO WOSAONEKA

 Lero sindinena za chimanga kapena fodya ai. Ndifuna kuti tikambe mbiri ya funso limene linavuta anthu ophunzira zaka zambiri, ndipo pomaliza tikwera nalo phiri lathu la Zomba.

Funsolo ndi ili: kutentha kumachokera kuti? Makolo athu anali kupekesa moto ndi timitengo tiwiri, ndipo inu nomwe mudziwa kuti ufa umatuluka m'chigayo uli wofunda, ngakhale palibe anauika pamoto. Koma anzeru a ku Ulaya anali kuphunzitsa kuti kutentha ndi chinthu chonga madzi osaoneka, chobisala m'kati mwa chitsulo kapena mtengo, ndipo chimafinyika potikita.

Munthu amene anakaika zimenezi ndiye Count Rumford, amene anali kuyang'anira ntchito yoboola mizinga ku Munich. M'chaka cha 1798 iye anafotokoza zimene anachita. Anaika chitsulo cha mzinga m'bokosi la madzi, akavalo nayamba kuzunguza choboolera chobuntha. Atapita maora awiri ndi theka madzi aja anawira, popanda nkhuni ndi imodzi yomwe. Ndipo kutenthako sikunathe malinga akavalo ali kuyenda. Tsono chikadakhala chinthu chobisala m'chitsulo, bwenzi chitatha. Mphamvuyo inachokera ku chakudya cha akavalowo. Mau amenewa awamve bwino aja amene amafuna kuti ng'ombe yoonda ikoke khasu tsiku lonse.

Anatsiriza nkhaniyi ndi James Joule, mwana wa munthu wofulula mowa kufupi ndi Manchester. M'zaka za m'ma 1840 iye anamanga zitsulo zolemera ku chingwe, kuti pamene ziri kutsika zizunguze timitengo topalasa madzi m'chitini. Madzi anafunda pang'ono, iye nayesa mosamala kwambiri. Anapeza kuti ntchito yakutiyakuti imabala kutentha kwakutikwakuti, nthawi zonse mofanana. Mwa miyeso ya lero, madzi akagwa mamita 427 amafunda ndi digiri imodzi.

Tsopano tibwere kwathu. Mulunguzi amayambira pamwamba pa phiri, nadzera pa mathithi a Williams ndi a Mandala, natsika phompho kufikira m'tauni. Kuyambira m'mphepete mwa phiri kufika m'munsi pali mamita ngati 500. Ndiye kuti madziwo, pongomenyeka pa miyala, amafunda ndi digiri imodzi ndi kanthu. Musapite kukayesa ndi dzanja. Dzuwa ndi mphepo zimasokoneza, ndipo digiri imodzi dzanja siliimva.

Komatu mphamvu yomweyo ikhoza kugwiridwa isanatayike pa miyala. Magetsi a ku Nkula pa Shire asanayambe mu 1966, Zomba, amene anali likulu la Boma kufikira 1975, anali ndi makina ake ang'ono oyendetsedwa ndi madzi a m'phirimu. Madzi amalowa m'paipi, natsika osamenya mwala, nakamenya gudumu pansi. Gudumu lizunguza makina, makina atulutsa magetsi, ndipo kutentha kuja kumene kukadathera mumtsinje kukatulukira mu nyale ya mu ofesi kapena m'simbi yositira malaya. Palibe chimene makinawo analenga. Anangosamutsa.

Apa ndipo nkhaniyi ikhudza inu mafumu. Mphamvu ya mtsinje iri pa zinthu ziwiri: kutalika kwa pogwera, ndi kuchuluka kwa madzi. Kutalika kwa phiri sitingakusinthe. Koma madzi akachepa ndi theka, mphamvu nayonso ichepa ndi theka, ngakhale makina akhale atsopano chotani. Ndipo madzi a mwezi wa October si a mvula ya dzulo ai. Ndi aja amene nthaka ya pamwamba inamwa mu February, nimawatulutsa pang'onopang'ono. Lupsa likatentha udzu ndi mitengo ya ku magwero, mvula imathamanga pa nthaka yoyera, nitsika yonse tsiku limodzi iri yofiira. Chaka china ine ndinathandiza kuzima moto wotere usiku wonse m'mbali mwa phiri. Anauyatsa anali anyamata awiri ofuna mbewa, ndipo anagwira zisanu ndi imodzi.