Msonkho wa Aurangzeb

Ambiri akamva za ufumu wa a Mughal ku India amathamangira Taj Mahal. Ine mtima wanga uli pa msonkho. Babur analanda Delhi mu 1526 ndi mizinga, koma amene analimbitsa ufumu ndi mdzukulu wake Akbar. Mu 1564 anacotsa jizya, msonkho wa anthu osakhala Asilamu, ndipo mafumu acihindu a Rajput anawapatsa maudindo akuluakulu. Aurangzeb anaubweza msonkhowo mu 1679. Apa mpamene ndiona mng'alu, ngakhale ena amaloza ku Deccan, kumene iye anataya cuma pomenyana ndi a Maratha zaka zoposa 20, mpaka imfa yake mu 1707. Pofika 1739, Nader Shah wa ku Persia analowa mu Delhi, napha anthu miyandamiyanda, nanyamula ndi mpando wacifumu womwe.