Mnyamata Amene Anawerenga Zosaoneka

Wophunzira akafunsidwa lero kuti atomu ya mkuwa ili ndi maelekitironi angati, amangoyang'ana m'buku nayankha kuti 29. Koma ciwerengero cimeneci sicinapezeke capafupi ai.

M'caka ca 1869 Dmitri Mendeleev wa ku Russia anandandalika maelementi monga mwa kulemera kwao, opepuka patsogolo, olemera pambuyo. Ndandandayo inali yabwino, koma inali ndi mfundo zina zobvuta kumasula. Atomu ya cobalt imalemera pang'ono kuposa ya nickel, komabe makhalidwe ace amafuna kuti itsogole ndiyo. Cifukwa cace panalibe wocidziwa.

Pambuyo pace, m'caka ca 1897, J. J. Thomson wa ku Cambridge anapeza elekitironi, ndipo mu 1911 Ernest Rutherford anaonetsa kuti pakati pa atomu pali kanjere kolemera, kokhala ndi mphamvu ya magetsi imene ikoka maelekitironiwo. Tsono mphamvuyo njocuruka bwanji m'elementi iriyonse? Woyankha anali Henry Moseley, mnyamata wogwira nchito pansi pa Rutherford ku Manchester. Mu 1913 iye anaomba zitsulo zosiyanasiyana, mkuwa pamodzi, ndi maelekitironi othamanga, nayesa ceza ca X-ray coturuka m'citsulo ciriconse. Anaona kuti cezaco cisintha mwa masitepe olingana, monga munthu akwera makwerero osadumpha. Sitepe lirilonse linali kuonjezeka kwa mphamvu imodzi m'kanjere kaja, imene lero tiicha pulotoni. Pamenepo mlandu wa cobalt unatha: cobalt ndi 27, nickel 28, mkuwa 29. Pamene makwererowo anasoweka sitepe, monga pa 43, 61 ndi 75, anati pali maelementi osapezeka. Ndipo onsewo anapezekadi pambuyo.

Moseley sanawaone. Anawomberedwa pa nkhondo ku Gallipoli mu 1915, ali ndi zaka 27 zokha, ndipo nkobvuta kuchula cimene dziko lace linapindula pomtumiza kumeneko.

Nzeru yace njosabvuta kuigwira. Atomu yosasokonezedwa ili ndi maelekitironi olingana ndi mapulotoni ace. Ikataya ena kapena kulandira ena, isanduka ayoni. M'nyumba zoyengeramo mkuwa ku Copperbelt, mkuwa wosungunuka m'madzi a asidi umakhala utataya maelekitironi awiri pa atomu iriyonse, natsala nao 27. Taonani, ndico ciwerengero ca cobalt comwe cija! Kodi mkuwawo wasanduka cobalt? Iai, pakuti mapulotoni 29 aja sanacoke m'kanjere, ndipo dzina la elementi licokera kwa iwo. Magetsi akapita m'madzimo, ayoniyo ifika pa cipepala ca citsulo colendewera m'thankimo, nilandiranso maelekitironi ace awiri, nimatirira pomwepo monga mkuwa wofiira woyengeka.