Kodi mkazi wapabanja angakane? Mbiri ya ganizo limene tinalandira

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, tsiku lina mnyamata wa Fomu 4 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwamuna angagwiririre bwanji mkazi wake yemwe?" Kalasi yonse inaseka, atsikana omwe. Ine sindinaseke.

Kuno ku Dowa ndi Ntchisi ambiri amati ndi mwambo wa makolo kuti mkazi sakana mwamuna wake. Koma mbiri ikutiuza zina. M'malamulo, ganizoli linakhazikika ku England. Woweruza wina, Matthew Hale, analemba m'buku lomwe linatuluka mu 1736 kuti mkazi akakwatiwa wavomera mpaka kalekale, ndipo sangabweze chilolezocho. Atsamunda atabweretsa malamulo awo a milandu ku Nyasaland, maganizo amenewa anabwera nawo limodzi.

Eni akewo anawataya mu 1991, pamene khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti mwamuna akhoza kupezeka wolakwa pogwiririra mkazi wake. South Africa inatero mu 1993, Zimbabwe mu 2001. Kwathu kuno tinakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006. Lamulo la maukwati la 2015 linatchula mlanduwu, koma pokhapokha ngati khoti lalamula kuti awiriwo ayambe akhala kosiyana.

Nanga makolo athu? Tisawanamizire, komanso tisawayeretse. Pa chikamwini mwamuna ankakhala kumudzi kwa mkazi, pamaso pa alamu ake. Akachita nkhanza, amalume a mkaziyo ankaitana ankhoswe, ndipo zikakanika mkamwini ankanyamula katundu wake. Mkazi anali ndi kothawira. Koma kuchinamwali anamkungwi ankalangizanso kuti banja ndi kupirira, ndipo za kuchipinda sizituluka panja. Choncho lamulo la atsamunda linapeza chete wathu, ziwirizi n'kugwirana manja.

Lero mabanja ambiri ndi a chitengwa, kapena akukhala pa renti ku Mponela, kutali ndi amalume. Chitetezo chija chachepa, koma chete uja watsala.

Mnyamata uja ndinamufunsa kuti, "Mlongo wako atabwera akulira usiku, ungamuuze kuti abwerere chifukwa anavomera kale?" Anaweramitsa mutu.

Aphunzitsi anzanga, atsikana amene anaseka aja ndi amene akundisowetsa tulo. Funsoli likabwera m'kalasi mwanu, musalizembe.