Mbiri ya Chicalaba, Mtengo wa M'mapiri a Chifunga

Madzulo ano tikupita nanu ku Mexico, kuchigawo cha Veracruz, kumene mapiri oyang'ana kunyanja amafunda chifunga pafupifupi chaka chonse. M'nkhalango za kumeneko muli mtengo wina wathundu umene eni dziko amautcha chicalaba. Umapezekanso ku Guatemala, Honduras, Costa Rica ndi Panama, koma konseko ndi wosoŵa: wina apa, wina kutsidya kwa chigwa.

Anthu a kumapiriko anaudziŵa kalekale; mabuku ndiwo anachedwa. Henri Galeotti, mnyamata wochokera ku Belgium, anayendayenda m'Mexico kuyambira 1835 mpaka 1840 akusonkhanitsa zomera, ndipo m'chaka cha 1843 iye ndi Martin Martens anaupatsa dzina lakuti Quercus insignis, ndiye kuti thundu lochititsa chidwi. Dzinali nlouyenera, pakuti mbewu yake imatha kukula masentimita 7 kapena 8 m'mimba mwake, ngati lalanje, ndipo ndi mitengo yathundu yoŵerengeka padziko imene ingapikisane nawo.

Tsoka la chicalaba nlakuti mapiri achinyontho amene umakonda ndi omwenso khofi amakonda. Khofi anafika ku Veracruz chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo m'zaka zana zotsatira minda yake inafalikira ku Córdoba, Huatusco ndi Coatepec, nkhalango nkumachepa. Komabe tisamnamizire zonse khofiyo. Alimi ambiri ankamlima pamthunzi, kotero kuti mitengo ina ikuluikulu inkapulumuka ku nkhwangwa. Zinthu zinaipa m'chaka cha 1989, pamene pangano la maiko loyendetsa malonda a khofi linasweka. Khofi anatsika mtengo, ndipo alimi ena, posoŵa pogwira, anamzula pamodzi ndi mitengo yamthunzi, nabzala nzimbe kapena kusandutsa minda kukhala msipu wa ng'ombe. Ndani angaŵadzudzule, ana akulira njala?

Lero chicalaba uli m'kaundula wa mitengo imene ili pangozi yakutha, ndipo kuupulumutsa si ntchito yamaseŵera. Mbewu yake siisungika monga chimanga m'nkhokwe, ikangouma, yafa. Nchifukwa chake akatswiri a ku Instituto de Ecología mumzinda wa Xalapa amatola mbewuzo zikangogwa, nazifesa m'nazale, kuti mbande zikabzalidwe m'malo amene nkhalango inatha.