Dzungu, Kandulo ndi Mafupa: Mbiri ya Mchezo wa Oyera Onse



Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, ana athu amaona pa wailesi ya kanema ndi pa lamya za m'manja nyumba za ku America ndi ku Ulaya zitakongoletsedwa modabwitsa. Pakhomo pali dzungu losemedwa maso ndi mano, m'kati mwake kandulo ili kuyaka. Pazenera alenjeka mafupa a munthu opangidwa ndi pepala. Pachitseko apachika nkhata ya masamba ofiira ndi ngala za tirigu. Ana amafunsa makolo, makolo nawonso amafunsa akatekisti: kodi zimenezi n'zaufiti, kapena ndi masewera chabe? Paja safunsa adadya phula. Tsono tiyeni tilondole mbiri ya zinthu zimenezi chimodzichimodzi, kuti poyankha mwana tisamuopseze pachabe, ndiponso tisamunamize.

Tiyambe ndi dzina. Halloween ndi mawu akale a Chingerezi ofupikitsidwa, ndipo tanthauzo lake ndi madzulo a Oyera Onse, ndiye kuti mchezo wa pa 31 Okutobala. Chaka cha Oyera Onse chili ndi mizu yake ku Roma. Cha m'ma 609, pa 13 Meyi, Papa Boniface IV adadalitsa nyumba ya Pantheon, imene kale idali kachisi wa milungu ya Aroma, naipereka kwa Amayi Maria ndi Amaritiri onse. Papa Gregory III, amene adatsogolera Eklezia kuyambira 731 mpaka 741, adapatula katchalitchi m'kati mwa tchalitchi cha Petro Woyera kuti kakhale kolemekezera oyera onse. Mu 835, pa nthawi ya Papa Gregory IV, mfumu yaikulu Louis the Pious idalamula kuti dziko lake lonse lizisunga chakachi pa 1 Novembala. Monga zidalili ndi zaka zina zikuluzikulu, tsiku lotsogolera lidali la kusala zakudya ndi kupemphera, mpaka pamene Papa Pius XII adachotsa mchezowu m'kalendala ya Eklezia mu 1955.

Koma kuti timvetse nkhata ija ya masamba ndi tirigu, tiyenera kudziwa nyengo ya kumeneko. Kwathu kuno Okutobala ndi mwezi wa dzuwa lamoto, wa kusosa ndi kuyang'ana kumwamba kudikira mvula. Kumpoto kwa Ulaya zinthu n'zotembenuka. Pa nthawi imeneyi zokolola zalowa m'nkhokwe, masamba a mitengo afiira nayoyoka, usiku ukutalika, ndipo chisanu chili pafupi. Kale alimi ankapha ziweto zimene sakadatha kuzidyetsa m'miyezi yozizira. Ndipo Bede Woyera, polemba m'chaka cha 725, adanena kuti makolo a Angerezi ankautcha Novembala mwezi wa magazi. Pomaliza kudula tirigu, mtolo wotsiriza ankauluka bwinobwino ndi kuupachika m'nyumba mpaka nthawi yolimanso. Mu 1843 mbusa wa Anglican, Robert Hawker, adaitana anthu a ku Morwenstow, m'dera la Cornwall, ku mapemphero othokoza Mulungu chifukwa cha zokolola, ndipo mwambo wokongoletsa matchalitchi ndi zakumunda udafalikira m'dzikomo. Ife amene timasenza chimanga, mtedza ndi maungu kupita nazo ku tchalitchi pa nthawi ya masika, izi sitingazione zachilendo.

Nanga mafupa aja adachokera kuti? Odilo Woyera, amene adali mkulu wa nyumba ya amonke ya ku Cluny, ku France, kuyambira 994 mpaka 1049, adalamula kuti amonke ake azipempherera akufa onse pa 2 Novembala. Mwambowu udafalikira m'Eklezia yonse ya kuzambwe, kotero kuti masiku atatu adalumikizana: mchezo, Oyera Onse, ndi tsiku la Mizimu ya ku Purigatorio. Ku England anthu ankaliza mabelu usiku kukumbutsana za akufa. Amayi ankaphika timikate tozungulira, ndipo amphawi ndi ana ankayenda khomo ndi khomo kulandira timikateto, nalonjeza kupempherera akufa a banjalo. Wolemera ankapereka chakudya, wosauka ankapereka pemphero, maliro n'kulirana. Pambuyo pa mliri woopsa wa 1347 mpaka 1351, umene udapulula anthu miyandamiyanda ku Ulaya, amisiri adayamba kujambula imfa ngati mafupa a munthu ovina, atagwira dzanja la papa, la mfumu, la wamalonda ndi la mlimi. Chithunzi chotchuka cha mtunduwu chidajambulidwa pa khoma la manda a Ana Osachimwa ku Paris mu 1424 ndi 1425. Udali ulaliki wa anthu osadziwa kuwerenga: imfa sisankha, konzeka.

M'zaka za m'ma 1500 England idapatukana ndi Roma, ndipo kupempherera akufa kudaletsedwa m'matchalitchi a kumeneko. Miyambo ina ya pakhomo idatsalabe, koma pang'onopang'ono anthu adayamba kuiwala chifukwa chake.

Ku Ireland, kumene anthu ambiri adakhalabe Akatolika, mitsinje iwiri idakumana. Chikhristu chisanafike, anthu a kumeneko adali ndi chikondwerero cha Samhain, cholonjera nyengo yozizira, pamene ng'ombe zinkatsitsidwa kuchokera ku mabusa a m'mapiri. Nthano zawo zinkati usiku umenewo zinthu zosaoneka zimayendayenda, ndipo m'zaka zotsatira anthu ankasonkha moto waukulu pa zitunda. Komabe mabanja omwewo, pa usiku wa Mizimu, ankasesa m'nyumba, kusonkhezera moto, ndi kuyatsa kandulo imodzi m'dzina la wakufa aliyense wa pabanja, napemphera korona. M'zaka za m'ma 1800 anyamata ankatenga tsinde lonenepa la mbewu ya mtundu wa tanaposi, kulikumba m'kati, kulisema nkhope yoopsa ndi kuikamo moto. Nyali yotere ankaitcha dzina la Jack, munthu wa m'nthano, chidakwa chochenjera chimene chidapusitsa Satana, koma pomwalira chidakanidwa kumwamba ndi kumoto komwe, n'kumangoyendayenda mumdima ndi khala limodzi lowunikira. Chifanizo cha nyali yotere, yochokera ku Donegal, chimasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale pafupi ndi Castlebar.

Tsono kudagwa tsoka. Kuyambira 1845 mpaka 1852 chiwawu chidawononga mbatata ya kachewere, imene idali chakudya cha amphawi a ku Ireland. Anthu pafupifupi 1,000,000 adafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa 1,000,000 adathawa m'dzikomo, ambiri a iwo kuoloka nyanja kupita ku America. Kumeneko adapeza dzungu, lalikulu, lofewa, losavuta kusema. Maungu kwawo kwenikweni ndi ku America. Ngakhale awa a m'minda mwathu, pamodzi ndi chimanga, makolo ake adachokera komweko ndipo adafika mu Africa pa zombo zaka za m'ma 1500 zitayamba. Choncho dzungu loseka lija lili ndi mbiri ya misozi: adalisema ndi ana a anthu othawa njala.

Amalonda sadachedwe. Mu 1909 kampani ya Dennison, ya ku Massachusetts, idasindikiza kabuku kophunzitsa amayi kukongoletsa nyumba ndi mapepala akuda ndi a mtundu wa lalanje amene kampaniyo inkagulitsa. Amphaka akuda, akadzidzi, mileme ndi mfiti za pepala zidadzaza m'masitolo. Popeza achinyamata ankawononga zinthu usiku umenewo, midzi ina idakonza zisangalalo zowatangwanitsa. Mzinda wa Anoka, ku Minnesota, udayamba kutero mu 1920. Pofika m'zaka za m'ma 1950, ana ovala zinyawu za masewera, oyenda khomo ndi khomo kupempha masiwiti, adali ponseponse ku United States. Mwana adapitirira kugogoda pachitseko monga kale, chakudya chidapitirira kuperekedwa, kandulo idapitirira kuyaka. Chimene chidasowa ndi pemphero, ndi dzina la wakufa.

Si konse kumene zidatero. Ku Poland, pa 1 Novembala, mabanja amadzaza manda ndi makandulo mpaka usiku kuwala ngati masana. Ku France amanyamula maluwa kupita nawo ku manda a makolo awo. Ku Mexico amakonza kagome m'nyumba, naikapo zithunzi za omwalira, maluwa achikasu, makandulo ndi mkate, ndipo mu 2008 bungwe la UNESCO lidalemba mwambowu m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ku Philippines mabanja amachezera ku manda, kulambula ndi kupemphera.

Nanga mwana uja timuyankha chiyani? Timuuze zoona. Dzungu ndi chakudya chimene Mulungu adalenga, ndipo kusema sikulisandutsa chithumwa. Nkhata ya zokolola idayamba ndi kuthokoza, kandulo idayamba ndi kukumbukira, mafupa adayamba ndi kuchenjeza. Koma timuuzenso kuti kusewera ndi zaufiti ndi zamagazi, kumene amalonda adawonjezapo, sikumanga mtima wa Mkhristu, makamaka pakati pathu pano, pamene mawu akuti mfiti aphetsa nkhalamba zosalakwa.

Chotiopsa chachikulu, abale, n'chomwe chidagwera ena aja: kusunga chikho, madzi atatayika. Mwana amene sadziwa dzina la agogo ake sangawapempherere. Tsono pa masiku atatu amenewa tisese m'nyumba, titsitse zithunzi za abale athu amene adatisiya, tiziike pafupi ndi mtanda, tiyatse kandulo, ndipo akulu atchule mayina mmodzimmodzi ana ali kumva: uyu adali yani, adakhala bwanji, adatisiyira chiyani. Akatekisti awerengere ana chaputala 12 cha buku lachiwiri la Amakabeo, mmene Yuda adaperekera nsembe chifukwa cha asilikali ake akufa. Pa 1 Novembala tipite ku Misa. Pa 2 Novembala tikalambule manda, osaiwala a anthu amene alibe wowakumbukira. Ndipo mmphawi akagogoda pakhomo pathu, asabwerere chimanjamanja.

Oyera onse a Mulungu atipempherere, ndipo abale athu omwalira ause mu mtendere. Amen.